Magetsi akawoloka malire, woweruza amakhala ndani?

Masana a mwezi wa Okutobala kuno ku Salima, dzuwa likafika paliwombo, munda wa sola wa kampani ya JCM womwe umathira magetsi ake pa sabusiteshoni ya Nanjoka umatha kupanga mamegawati 60. Ku Nkhotakota kulinso munda wina wa mamegawati 21. Koma dzuwa likangolowa kuseri kwa mapiri a ku Dowa, minda yonseyi imangoti zii. Nthawi yomweyo ndi pomwe mayi wateleka poto pa hotipuleti, wagolosale wayatsa mababu, anyamata adzaza m'nyumba yoonetsera mpira, ndipo ogula nsomba ku Senga Bay akufuna madzi oundana oti chambo chikafike ku Lilongwe chisadaonongeke. Magetsi athu a dzuwa amachuluka nthawi yomwe sitikuwalira kwambiri, n'kusowa nthawi yomwe aliyense akuwafuna.

Magetsi si mpunga woti mukolola n'kuunjika m'matumba kudikira mtengo ukwere. Akapangidwa ayenera kugwiritsidwa ntchito nthawi yomweyo. Mabatire alipo, monga omwe ali pa munda wa sola wa ku Golomoti, koma ndi okwera mtengo ndipo amasunga zochepa poyerekeza ndi zomwe dziko lonse limafuna. Njira ina, yomwe maiko akhala akuitsata kwa zaka zambiri, ndi yogulitsa kwa mnansi pomwe iwe wachulukidwa, n'kugula kwa iye pomwe wapelewedwa.

Anthu ambiri akamva za malonda a magetsi pakati pa maiko amaganiza za nthambo ndi zitsulo zazitali zodutsa m'mathengo. Ine ndikuona kuti nthambo ndiye gawo losavuta. Mukapeza ndalama ndi kontilakitala, nthambo imatha. Chovuta n'choti pakhale mabungwe omwe maiko onse akuwakhulupirira: wina woyendetsa msika, wina woyang'anira kuti nthambo zisalemedwe, wina woonetsetsa kuti wogula walipira, ndi wina woweruza pakabuka mkangano. Popanda amenewa, nthambo ya madola mamiliyoni ambiri itha kumangonyamula theka la mphamvu yake, kapena kuthimitsidwa tsiku lomwe atsogoleri awiri asemphana mawu.

Mtsinje umodzi, dziko lonse

Tiyambe ndi kwathu kuno. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje umodzi, wa Shire: pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Malo onse opangira magetsi ndi madzi omwe kampani ya EGENCO ili nawo, kuphatikizapo kakang'ono ka Wovwe ku Karonga, safika mamegawati 400. Madzi a mu Shire ndi omwewa timawaona m'nyanja pa Chipoka kapena pa Chia. Nyanja ikatsika, monga zidachitikira mu 2016 ndi 2017, makina a pa Shire amapelewedwa madzi, ndipo mukukumbukira mmene magetsi ankathimira tsiku lonse mpaka boma lidachita kubwereka majenereta a dizilo okwera mtengo. Madzi akachuluka mopyola muyeso, vuto ndi lomwelo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi athu a madzi, adatayika usiku umodzi. Padatenga chaka ndi miyezi kuti makinawo ayambenso kuzungulira.

Nthawi yonseyo, ku Tete, dera lomwe madalaivala athu amadutsa tsiku ndi tsiku popita ku Harare, damu la Cahora Bassa linali ndi makina a mamegawati 2,075. Magetsi ake ambiri amayenda mtunda wa makilomita oposa 1,400 kupita ku sabusiteshoni ya Apollo ku South Africa. Ife oyandikana nalo sitinkatha kugula ngakhale megawati imodzi kuchokera pamenepo chifukwa panalibe nthambo yaikulu yotilumikiza. Zomwe zinalipo ndi tinthambo ting'onoting'ono ta m'malire, monga ya pakati pa Chipata ndi Mchinji, tothandiza madera oyandikira okha.

Nthambo ya makilovoti 400 yochokera pa Matambo ku Tete kufika pa Phombeya ku Balaka, yotalika makilomita 218, idakonzedwa kuti ithetse kudzipatula kumeneku, poyambira ndi mamegawati 50. Mbiri yake ikutiphunzitsa zambiri. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idavomereza ngongole ya ntchitoyi kalekale mu 2007. Siidamangidwe. Boma la nthawiyo lidaona kuti ndalama zomwe Malawi amayenera kulipira mwezi ndi mwezi zinali zochuluka, ndipo ubale wa maiko awiriwa sunali bwino. Mgwirizano udasainidwanso mu 2013, Joyce Banda ndi Armando Guebuza ali pa mipando, ndipo bankiyo idavomerezanso ndalama mu 2019, mothandizana ndi Germany, Norway ndi European Union. Zaka khumi ndi ziwiri zidatayika. Sikuti mainjiniya adalephera kujambula mapulani ayi. Chidasowa ndi malo oti mbali ziwiri zikhale pansi, wina wosakondera aone ngati mtengo uli woyenera, ndipo zomwe wanenazo onse azilandire.

Phunziro la pa sikimu

Amene adalimapo mpunga pa sikimu ya Lifuwu kapena ya Bua savutika kumvetsa nkhaniyi. Ngalande yaikulu ndi imodzi, alimi ndi ambiri. Wakumutu kwa ngalande atha kutseka madzi n'kudzaza munda wake wakumchira akuona mbande zikufota. Wina safuna kulambula ngalande koma madzi amawafuna. Wina salipira ndalama ya sikimu chaka chino, chaka chamawa chimodzimodzi. Sikimu yomwe imayenda bwino si yomwe ili ndi ngalande ya simenti yokongola, koma yomwe ili ndi komiti yolimba: ndandanda wa masiku othirira ulipo, wophwanya lamulo amalipitsidwa kaya ndi m'bale wa mfumu, ndipo buku la ndalama limawerengedwa pagulu.

Nthambo zolumikiza maiko zili ngati ngalandeyo, kungoti zinthu zimachitika m'kuphethira kwa diso. Maiko onse olumikizana amayenera kuti makina awo azizungulira pa liwiro limodzi, lomwe kuno ndi mahezi 50. Makina aakulu akathima mwadzidzidzi ku Zambia, liwirolo limatsika paliponse, ndipo makina a ku Botswana ndi ku Mozambique amamva kulemera nthawi yomweyo. Apa pali ubwino ndi kuipa komwe. Ubwino wake ndi woti dziko laling'ono ngati lathu limapeza potsamira: mtambo ukaphimba magalasi a sola ku Salima mphamvu n'kugwa, anzathu amatigwira dzanja mpaka makina a pa Shire atanyamuka. Kuipa kwake ndi koti vuto la kwa mnansi limakupeza uli m'nyumba mwako. Walira mvula walira matope.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa n'choti magetsi satsata zomwe zalembedwa pa pepala. Namibia ikagula magetsi ku Mozambique, mphamvuyo siyenda njira yomwe maloya adagwirizana. Imagawikana m'nthambo zonse zomwe zilipo malinga ndi momwe yapezera posavuta kudutsa, ina kudzera ku Zimbabwe, ina ku South Africa. Dziko lomwe silidagule kapena kugulitsa kanthu limapezeka kuti nthambo zake zatentha ndi katundu wa eni. Ndani alilipire? Zingati? Nanga mphamvu yomwe yatayika m'njira, popeza nthambo iliyonse imadya pang'ono, ikhala pa mutu pa ndani? Mafunso amenewa sangayankhidwe ndi dziko limodzi.

Komiti ya sikimu yathu

M'chigawo chathu cha kum'mwera kwa Africa, komitiyo ndi Southern African Power Pool, mwachidule SAPP. Idakhazikitsidwa mu Ogasiti 1995 pansi pa SADC, ndipo ndi yakale kwambiri mwa mabungwe otere mu Africa. Chidaifulumizitsa ndi chilala cha 1992, chomwe akuluakulu kuno amachikumbukira chifukwa cha njala. Madzi atachepa pa Kariba ndi pa Kafue, Zambia ndi Zimbabwe adasowa magetsi pomwe South Africa inali ndi otsala opangidwa ndi malasha. Nthambo ya Matimba mpaka Insukamini, yodutsa m'Botswana, idalumikiza kumpoto kwa madzi ndi kum'mwera kwa malasha. Ganizo lake linali losavuta: mvula ikagwa bwino kumpoto kuzigulitsa, kukachita chilala kum'mwera kuzigulitsa.

Mamembala ake ndi makampani a magetsi a maiko 12 a pamtunda a SADC, ndipo ofesi yoyendetsa ntchito ili ku Harare. ESCOM yakhala membala kuyambira kale, koma kwa zaka zambiri, pamodzi ndi makampani a ku Tanzania ndi Angola, inali membala wongokhala nawo pa misonkhano chifukwa chosowa nthambo. Mu 2006 malamulo adasinthidwa kuti makampani omwe si aboma nawonso azitha kulowa.

Malonda amachitika m'njira ziwiri. Yoyamba, yomwe imanyamula magetsi ambiri mpaka lero, ndi ya mapangano a pakati pa awiri, a zaka zingapo kapena zambiri. Mapangano otere amapereka mtendere wa mumtima kwa womanga damu, chifukwa banki imafuna kuona wogula isadapereke ngongole. Koma ambiri amakhala ndi mfundo yoti wogula azilipira gawo lina kaya watenga magetsiwo kaya sadatenge. Mfundo imeneyi siyachinyengo, popeza wogulitsa wakusungirani mphamvu yomwe akadagulitsa kwina, koma imapweteka dziko lomwe silidawerengere bwino zofuna zake.

Njira yachiwiri ndi msika weniweni. SAPP idayamba ndi msika waung'ono mu 2001, kenako mu 2009 idatsegula msika wogulitsirana magetsi a mawa lake, mothandizidwa ndi akatswiri a msika wa Nord Pool wa maiko a kumpoto kwa Ulaya. Umayenda chonchi. M'mawa uliwonse kampani iliyonse imatumiza ku Harare, kudzera pa kompyuta, kuchuluka kwa magetsi omwe ikufuna kugula kapena kugulitsa pa ola lililonse la tsiku lotsatira, ndi mtengo womwe ingalole. Kompyuta imasanja ogulitsa kuyambira wotchipa, imasanja ogula kuyambira wolipira kwambiri, ndipo pomwe mizere iwiriyi yakumana ndiye mtengo wa ola limenelo. Motero magetsi a 2 koloko usiku amakhala otsika mtengo, a 7 koloko madzulo okwera. Palibe nduna yoimbira foni nduna inzake. Palibe kufunsa kuti wogulayo ndi wa chipani chanji. Kuyambira 2016 kudabweranso misika ina, ya magetsi a sabata kapena mwezi wotsatira, ndi wa maola ochepa akubwerawa, wothandiza amene makina ake afa mwadzidzidzi.

Msika umenewu ndimaulemekeza, chifukwa ndi umboni woti maiko osauka atha kupanga chinthu chovuta n'kuchiyendetsa tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu. Koma uli ndi zilonda zake, ndipo ife obwera mochedwa tiyenera kuzidziwa.

Pomwe pamatsina

Chilonda choyamba ndi kuchepa kwa nthambo. Kawirikawiri wogula ndi wogulitsa amagwirizana mtengo pa kompyuta, koma magetsiwo osayenda chifukwa njira yadzaza, makamaka ya pakati yodutsa m'Zimbabwe. Mapangano a nthawi yaitali ndiwo amayamba kupatsidwa malo, msika umatola zotsala. Zikatero chigawo chimagawika pawiri, mbali ina mtengo wotsika, mbali ina wokwera. Mungafunse kuti bwanji osangomanga nthambo zina. Apa ndi pomwe nkhani ya mabungwe imaonekera poyera. Nthambo yofunika kwambiri kwa chigawo chonse nthawi zambiri imadutsa m'dziko lomwe silipindula nayo kwenikweni. Dzikolo likakongola ndalama, ngongole ndi yake, phindu ndi la anansi. Nduna ya zachuma iliyonse ingakane. Pamafunika lamulo lovomerezeka ndi onse lonena mmene mtengo wa nthambo yotere ugawidwire, ndi mmene mwini nthambo azilandirira ndalama kuchokera kwa aliyense wodutsitsa katundu wake.

Njira ina yomwe idayesedwa n'kutheka ndi yopanga kampani ya onse. Mu 1998 makampani a magetsi a South Africa, Mozambique ndi Eswatini adapanga kampani ya Motraco, yomwe ili ndi nthambo zopita ku fakitale ya aluminiyamu ya Mozal ku Maputo. Kumadzulo kwa Africa, Côte d'Ivoire, Liberia, Sierra Leone ndi Guinea adachitanso chimodzimodzi pa nthambo yawo ya makilomita pafupifupi 1,300. Nthambo ikakhala ndi mwini mmodzi wodziwika, wokhala ndi buku lake la ndalama, obwereketsa ndalama amalimba mtima.

Chilonda chachiwiri ndi ngongole, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe Malawi angagwe. Makampani ambiri a magetsi aboma m'chigawo chino ali pa mavuto a zachuma. Amagulitsa magetsi pa mtengo wosafika pa zomwe awononga, ena amawabera, ndipo maofesi aboma eni ake amachedwa kulipira mabilu. Kampani yotere ikagula kunja imalephera kubweza. Zimbabwe idakhalapo ndi ngongole zazikulu kwa Eskom ya ku South Africa ndi kwa eni Cahora Bassa, ndipo mu 2019, chilala chili pakati, idavutika kupeza magetsi mpaka itayamba kubweza. Wogulitsa akapsa kamodzi, ulendo wina amakweza mtengo kapena kufuna ndalama patsogolo.

Pa msika wa SAPP vutoli adalitchinga ndi chikole. Musadagule, mumayamba mwaika ndalama ku akaunti ya msika, ndipo simungagule zoposa chikole chanu. Amayi a banki mkhonde akudziwa bwino mfundo imeneyi: wobwereka amaonedwa masheya ake. N'chifukwa chake pa msikapo ngongole sizichuluka monga zimachitira m'mapangano a awiriawiri. Koma chikolecho, ngakhalenso malipiro ake, si a makwacha. Ife kasitomala wa ku Kamuzu Road amagula mayunitsi ndi makwacha, ESCOM n'kukasaka madola ku mabanki omwenso akusakidwa ndi ogula mafuta, feteleza ndi mankhwala. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kugwa kulikonse kumatanthauza kuti magetsi omwewo ochokera kunja akufuna makwacha ambiri, pomwe mtengo wa mayunitsi sungakwere tsiku lomwelo popanda chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi m'dziko muno, ndipo ukakwera amalira ndi wachigayo ndi wowotcherera zitsulo. Dziko lomwe limangogula osagulitsa kanthu lidzatopa msanga. Tiyenera kulowa mumsikawu tili ndi chathu m'manja, ndipo chathu choyamba ndi dzuwa la m'mbali mwa nyanja muno, kenako madzi a pa Mpatamanga, pa mtsinje wa Shire, damu la pamenepo likadzamangidwa.

Chilonda chachitatu ndi ndale. Magetsi akachepa, mtsogoleri aliyense amayamba waganiza za omuvotera. South Africa italowa m'mavuto a kuthimathima mu 2008, anthu kumeneko adafuula kuti bwanji tikugulitsa kunja ife tili mumdima, ndipo maiko omwe ankadalira Eskom, monga Botswana ndi Namibia, adaona kuti pamene adatsamira pakugwedera. Choopsa kwambiri chidachitika kumadzulo kwa Africa. Asilikali atalanda boma ku Niger mu Julayi 2023, Nigeria idadula magetsi opita kumeneko potsatira zilango za ECOWAS, bungwe la maiko a chigawo chimenecho. Niger inkalandira magetsi ake ambiri kuchokera ku Nigeria, ndipo zilangozo zidachotsedwa mu Febuluwale 2024. Kulanda boma ndi mfuti n'koipa, koma amene adakhala mumdima miyezi yonseyo ndi odwala m'zipatala ndi amalonda ang'onoang'ono a ku Niamey. Komanso dziko lililonse laling'ono lidatolapo phunziro loti nthambo itha kusanduka chikwapu. Phunziro limenelo limabweza m'mbuyo malonda a magetsi kwa zaka zambiri, chifukwa aliyense amayamba kumanga zakezake ngakhale zikhale zodula.

Kusowa kwa woweruza

Zilonda zonsezi zimakumana pa funso limodzi: pakalakwika, tikadandaula kwa yani? Dziko lililonse lili ndi bungwe loyang'anira za magetsi, monga MERA kwathu kuno, koma mphamvu zake zimathera pa Mwanza ndi pa Mchinji. M'chigawo cha SADC muli bungwe la RERA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2002 ndipo lili ku Windhoek. Limasonkhanitsa mabungwe oyang'anira a m'maiko, limalemba malangizo, limaphunzitsa anthu. Ntchitoyo ndi yabwino, koma lidabadwa ngati bwalo lokambirana, lopanda mphamvu yolamula kampani ya dziko lina kuti itsegule nthambo yake kapena ilipire chindapusa. Nkhani yolisandutsa bungwe la mano yakhala ikukambidwa kwa zaka. SAPP nayo ndi ya makampani omwewo omwe amagula, kugulitsa komanso kukhala eni nthambo. Wosewera mpira yemweyo ndiye wagwira wezulo.

Kumadzulo kwa Africa zinthu zidayenda mosiyana. ECOWAS idakhazikitsa bungwe la ERERA mu 2008, likulu lake ku Accra, ndipo pa pepala zigamulo zake zimamanga maiko onse. Koma msika wawo, woyendetsedwa ndi West African Power Pool ku Benin, udayamba mochedwa kwambiri poyerekeza ndi wathu. Iwo adayamba ndi woweruza masewero asadayambe, ife tidayamba masewero woweruza kulibe.

Chitsanzo chomwe chimandikopa mtima chili kutali, ku Central America. Maiko asanu ndi limodzi, Guatemala, El Salvador, Honduras, Nicaragua, Costa Rica ndi Panama, ena mwa iwo atangotuluka kumene m'nkhondo zapachiweniweni, adasaina pangano mu 1996. Adapanga mabungwe atatu osiyana: lina loweruza ndi kulanga, lina loyendetsa msika ndi kayendedwe ka magetsi, ndi kampani yokhala mwini nthambo ya makilomita pafupifupi 1,800 yomwe idatha mu 2014. Adagawanso malikulu a mabungwewa m'maiko osiyana kuti pasakhale wodzimva kuti ndi mwini zonse. Mikangano ilipo ndithu, koma ili ndi bwalo lake.

Kodi woweruza wotere amafunika chiyani? Mphamvu zake zichokere m'pangano lomwe nyumba za malamulo zavomereza, osati m'chikalata cha msonkhano wa nduna chokha. Ndalama zake zichokere pa kamsonkho kakang'ono ka malonda omwewo, chifukwa bungwe lodalira abwenzi akunja limafooka pulojekiti ikatha, ndipo lodalira dziko limodzi lolemera limaopa kuliluma. Akhale ndi akatswiri akeake otha kuona ngati kampani yanena zoona ponena kuti nthambo yake yadzaza. Ndipo zigamulo zake, mitengo ya ola lililonse, ndi kuchuluka kwa malo otsala m'nthambo iliyonse ziziikidwa poyera kuti mtolankhani wa ku Nkhotakota kapena wophunzira wa ku MUBAS azitha kuziwerenga.

Ena amati maiko athu sangalole kulamulidwa ndi bungwe la kunja. Koma zidachitikapo pafupi pompa. Damu la Kariba limayendetsedwa ndi Zambezi River Authority, bungwe la Zambia ndi Zimbabwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987, ndipo chaka chilichonse limagawira mbali iliyonse madzi ake. Mu Novembala 2022 lidalembera kampani ya ku Zimbabwe kuti yamaliza gawo lake la madzi a chakacho ndipo iimitse makina. Nkhaniyo idali yowawa, magetsi adathima kwambiri ku Harare, ndipo padakhala kukambirana kuti makina ena azigwirabe pang'ono, koma mawu a bungwelo adamveka. Bungwe laling'ono lokhala ndi ntchito imodzi yomveka ndi miyeso yomwe onse akuiona lidatha kuuza boma kuti basi.

Amene amapindula kwambiri ndi woweruza wolimba ndi wamng'ono. South Africa itha kudziteteza yokha pa zokambirana zilizonse, chifukwa imapanga magetsi ochuluka kuposa maiko ena onse a m'chigawo muno kuwaphatikiza. Malawi ali kumchira kwa ngalande, polowera pake n'pamodzi, ndipo magetsi alionse omwe angagule ku Zambia kapena ku South Africa pa msika ayenera kudutsa m'nthambo za Mozambique. N'chifukwa chake ndimakhumba nthumwi zathu ku SADC zikadakhala patsogolo pomenyera nkhani ya woweruzayi, m'malo moiona ngati nkhani ya akuluakulu.

Chilala sichiona malire

Pali mfundo ina yomwe tisaiiwale pokondwera ndi Cahora Bassa. Shire amathira mu Zambezi. Kariba, Kafue ndi Cahora Bassa onse ali m'chigwa chimodzi chomwecho. Chilala cha El Niño cha 2024, chomwe chidachititsa boma lathu kulengeza za ngozi m'maboma 23, chidaumitsa Kariba mpaka anthu ku Zambia ankakhala maola ofika 21 pa tsiku opanda magetsi, ndipo madzi a Cahora Bassa nawo adatsika kwambiri. Ife chaka chimenecho nyanja idadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo kuno ku Salima, chifukwa madzi ake ambiri amachokera kumpoto ndi ku Tanzania komwe mvula idagwa yambiri. Tikadakhala ndi makina okwanira ndi nthambo, chimenecho chinali chaka chogulitsa. Koma chaka china chilala chidzatigwira tonse pamodzi, ndipo aliyense adzakhala wogula.

Mankhwala ake ndi kufutukula msika kuti ufike komwe mvula imagwa nyengo zina. Mtsinje wa Congo, womwe uli ndi malo opangira magetsi a Inga, umalandira madzi kuchokera mbali zonse ziwiri za equator. Tanzania yamanga damu la Julius Nyerere la mamegawati 2,115 pa mtsinje wa Rufiji. Ethiopia idayamba kugulitsa magetsi ku Kenya mu 2022 kudzera pa nthambo yotalika makilomita oposa 1,000, ndipo Kenya idalumikizana kale ndi Tanzania. Nthambo ya Tanzania ndi Zambia ndiyo idzamange pamodzi SAPP ndi Eastern Africa Power Pool, bungwe la kum'mawa lomwe lidayamba mu 2005 ndipo lili ku Addis Ababa. Pamenepo padzafunikanso malamulo atsopano, chifukwa misika iwiri yokhala ndi malamulo osiyana ikakumana, wina ayenera kunena kuti pa malire pazitsatidwa ziti. African Union idakhazikitsa ganizo la msika umodzi wa magetsi wa Africa yense mu 2021, koma ulendo wake udzayenda pa mapangano ang'onoang'ono ngati amenewa.

Za m'nyumba mwathu

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ndamvapo anthu akugwiritsa ntchito mwambiwu pokana zogula magetsi kunja. Nkhawa yawo ndi yomveka, ndipo nkhani ya Niger ikuwaikira umboni. Koma kudzipatula nako tidakuyesa kwa zaka zoposa makumi asanu, ndipo mtengo wake tidauona mu 2017 ndi mu 2022. Chofunika ndi kumanga zathu mokwanira kuti tisagwade, n'kumagwiritsa ntchito msika kuti zathuzo zitipindulire.

Kuti zimenezi zitheke, mabungwe a m'dziko muno ayenera kukhala okhazikika. Lamulo la 2016 lidagawa ESCOM, n'kubala EGENCO yomwe idayamba ntchito mu 2017. Kenako kudapangidwa kampani ya Power Market Limited yoti izigula magetsi onse m'malo mwa dziko, koma patangopita zaka zochepa idathetsedwa ntchito yake n'kubwerera ku ESCOM. Kaya chisankho chabwino chinali chiti, wogulitsa wa kunja ndi woika ndalama m'munda wa sola amafuna kudziwa kuti amene wasaina naye lero adzakhalapo zaka makumi awiri zikubwerazi. Pakufunikanso anthu ophunzitsidwa bwino malonda amenewa, otha kuyerekeza molondola kuti mawa 7 koloko madzulo dziko lidzafuna mamegawati angati, chifukwa ukalonjeza pa msika n'kutenga zosiyana ndi zomwe udalonjeza, umalipira chindapusa m'madola.

Palinso funso lomwe likukhudza Salima ndi Nkhotakota mwachindunji: kodi kampani yomwe yamanga munda wa sola kuno idzaloledwa kugulitsa yokha kunja, kulipira ESCOM ndalama yodutsira m'nthambo zake, kapena zonse zizidzera kwa wogula mmodzi? Ku Zambia kampani ya Africa GreenCo, yomwe si yaboma, idalowa kale mu SAPP ndipo imagula kwa opanga magetsi n'kugulitsa pa msika. Njira yotere imachepetsa mantha a mabanki, chifukwa wogula mmodzi akalephera kulipira, magetsiwo ali ndi kwina kopita. Ikatsegulidwa kuno, munda wa sola wotsatira m'mbali mwa nyanja muno sudzadikira kuti boma liulonjeze chikole. Masana magetsi ake adzatsika ndi nthambo kukafika pa Phombeya n'kuwoloka kupita ku Tete, eni damu kumeneko adzachepetsa madzi odutsa m'makina awo kwa maola angapo, ndipo madzi osungidwawo ndi omwe adzapange magetsi oti tigule ikamakwana 6 koloko madzulo.